Hermaness ndi ya mu Julayi, osati mu Okutobala

Funso: Ndine namwino ku Aberdeen, ku Scotland. Mnzanga wa kuntchito kwawo ndi ku Shetland, zilumba za kumpoto kwa Scotland, ndipo satopa kunditamandira malo otchedwa Hermaness. Pazithunzi ine ndikungoona udzu, miyala ndi nyanja, mtengo ngakhale umodzi ayi. Bambo a kunyumba akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Tchuthi chathu chili mu Okutobala ndipo tili ndi mnyamata wa zaka 11. Kodi kuli chiyani kwenikweni? Nanga tingachoke ku Lerwick, tauni yaikulu ya Shetland, m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo?

Yankho:

Mayi, mnzanuyo akunena zoona, koma mukapita mu Okutobala mlandu adzawina ndi bambo. Chimene chimakokera anthu ku Hermaness ndi mbalame za m'nyanja, ndipo mbalamezo si za pamtunda. Zimangobwera kudzaswa, zikatha zimabwerera kunyanja komwe zimatha miyezi yambiri osaponda nthaka. Pofika Okutobala ma puffin amakhala atachoka kalekale, ma gannet ambiri atanyamuka, dzuwa likulowa msanga, mphepo itayamba ukali, ndipo sitima ya ku Aberdeen imachedwa kapena kulephereka kumene mafunde akakula. Ngati kuntchito angakuloleni kusuntha tchuthi, tengani masabata oyambirira a Julayi, mwana atangotsekera sukulu. Nyengo imeneyo kumawala pafupifupi maola 19 patsiku, ndipo ngakhale pakati pa usiku mdima sugwira kwenikweni.

Hermaness ndi nsonga ya kumpoto kwa chilumba cha Unst, ndipo Unst ndiye chilumba chakumpoto kwambiri mwa zilumba zonse za Britain zokhalamo anthu. Anthu ake amangopitirira pang'ono 600. Mukaima kumeneko, mzinda wa Bergen ku Norway uli pafupi kuposa Aberdeen. Ulendo wake ndi wotere: sitima ya NorthLink imanyamuka ku Aberdeen madzulo n'kufika ku Lerwick m'mawa, maola 12 mpaka 14 kutengera ngati yadzera ku zilumba za Orkney. Kuchoka ku Lerwick mumayendetsa galimoto kukafika ku Toft, mumawoloka pa pantoni mphindi 20 kupita pachilumba cha Yell, mumadula Yell yense mpaka ku Gutcher, kenako pantoni ina ya mphindi 10 imakutulani ku Belmont, pa Unst. Kuchoka apo n'kulunjika kumpoto mpaka msewu utathera ku Burrafirth. Zonsezi ndi maola awiri ndi theka ngati mapantoni mwawapeza pa nthawi yake, ndipo m'nyengo ya alendo muyenera kusungitsiratu malo a galimoto.

Kupita n'kubwera tsiku limodzi n'kotheka, anthu amatero. Ine sindikulangizani zimenezo, ndipo chifukwa chake ndi chifunga. Ku Shetland chifunga cha m'nyanja chimatha kugwa ngakhale pakati pa Julayi, n'kukhala tsiku lathunthu. Amene wabwera ndi tsiku limodzi lokha amaima m'mphepete mwa phompho, mbalame akuzimva kulira pansi pake, fungo lake akulimva, koma osaona kanthu. Gonani pa Unst usiku uwiri. Mukadzuka kuli mbee, thamangirani ku Hermaness. Kukakhala chifunga, pitani ku mabwinja, chifukwa amenewo amaoneka nyengo iliyonse.

Tsopano za udzu wopanda mitengo uja. Kuchoka poimika galimoto kukafika kumaphompho ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, mbali yaikulu mukuyenda pa kanjira koyalidwa pamwamba pa dambo. Osapatuka. Pansi pa udzuwo pali dothi lakuda lonyowa lotchedwa peat, lomwe kwenikweni ndi ndere ndi udzu zakufa zimene zinalephera kuwola chifukwa cha madzi ndi kuzizira. Limakwera pafupifupi milimita imodzi pachaka, ndiye mukaona pamene lagumuka n'kuonetsa khoma lotalika ngati munthu, dziwani kuti mukuyang'ana zaka zoposa 1,000. Akatswiri akalibowola amapezamo mungu wa mitengo ya birch, hazel ndi willow, umboni woti Shetland inali ndi tinkhalango ta mitengo ifupiifupi. Alimi oyamba atafika zaka zoposa 5,000 zapitazo anadula, ziweto zawo zinadya mphukira, nyengo nayo inanyowa n'kuzizira, mitengo sinabwererenso. Mpaka lero nkhosa za anthu a kumeneko zimadya pa Hermaness pomwepo. Dothi lomweli ndilo linakhala nkhuni zawo: amalidula ngati njerwa, kuliyanika, n'kumasonkhera moto. Mnyamata wanuyo mumuuze agwade m'mbali mwa kanjirako afunefune kachomera kofiira, kochepa ngati chikhadabo, kokhala ndi tiubweya tonyezimira ndi timadontho tomata. Ndi sundew ameneyo. Dothi la m'dambo ndi losauka, ndiye amagwira tintchentche n'kutigaya.

Musanafike kunyanja mudzakumana ndi mwini dambo, mbalame yabulauni yojintcha yomwe m'mabuku amati great skua, eni dziko amati bonxie. Imaikira mazira pansi, ndipo ikaona kuti mwayandikira ana ake imabwera molunjika kumutu kwanu, n'kukudutsani pafupi moti mumamva mphepo ya mapiko ake. Nthawi zina imamenya ndi mapazi. Mankhwala ake n'kukweza dzanja kapena ndodo pamwamba pa mutu, chifukwa imalimbana ndi chimene chatalika, n'kumapitiriza ulendo. Ndi chigawenga chenicheni. Imathamangitsa gannet wamkulu kuiposa, kumugwira nsonga ya phiko kapena mchira mpaka asanze nsomba imene wameza, iyo n'kuiwakha isanagwe m'madzi. Ma puffin imapha n'kudya.

Komabe mbalame yankhanzayi ndiyo inayambitsa chitetezo cha malowa. M'chaka cha 1831 pa Hermaness panangotsala mabanja atatu okha a bonxie, chifukwa anthu ankaziwombera ndi kutola mazira ake kukagulitsa kwa osunga zodabwitsa. Dokotala wa pachilumbapo, Laurence Edmondston, ndiye anayamba kuziteteza, ndipo banja lawo linapitiriza ntchitoyo kwa mibadwo ingapo. Boma linalengeza malowa kukhala otetezedwa mu 1955, ndipo lero amayang'aniridwa ndi bungwe la NatureScot. Mabanja atatu aja anachuluka n'kufika mazana ambiri. Kenako kunabwera chimfine cha mbalame cha H5N1, chomwe chinavuta kwambiri mu 2022. Kalembera wa chaka chotsatira anapeza kuti ku Scotland konse ma bonxie anachepa ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi alionse, ndipo kumbukirani kuti ma bonxie oposa theka a dziko lonse lapansi ankaswera ku Scotland komweko. N'chifukwa chake mukapeza mbalame yakufa kapena yofooka musaikhudze, mwana asatole nthenga, ndipo ngati paikidwa mankhwala opondapo nsapato, pondanipo.

Kanjira kaja kamathera pa kapinga wamfupi, ndipo mwadzidzidzi nthaka imangotha. Pamalo otchedwa Neap phompho limatsika mamita 170 kukafika pamafunde. Apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi, osafulumira.

Ma puffin mudzawapeza m'mphepete momwemo, pa udzu. Kambalame kake n'kotalika pafupifupi masentimita 30, msana wakuda, chifuwa choyera, mapazi a olenji, mlomo waukulu wa mizere yofiira, yachikasu ndi yotuwa. Mitundu yowalayo ndi ya nyengo yoswa yokha; ikatha, zikamba za kunja kwa mlomo zimasupuka n'kugwa. Sikamanga chisa. Kamakumba una m'dothi, kapena kulanda wa kalulu, n'kuikiramo dzira limodzi lokha pachaka, ndipo kawirikawiri mwamuna ndi mkazi omwewo amabwerera ku una womwewo chaka ndi chaka. Mu Julayi ana amakhala ataswa, ndiye makolo amakhala pa kalikiliki. Mukakhala chete, kamodzi kadzatera pafupi ndi mapazi anu, tinsomba tasiliva titandandalika mopingasa kukamwa, mitu uku michira uku. Kamatha kutero chifukwa kumwamba kwa m'kamwa mwake kuli timinga toloza kummero. Lilime limapanikiza nsomba zogwidwa kale pa timingato pamene mlomo ukutsegukanso kugwira ina. Kadzayang'ana uku ndi uku ngati kuli bonxie, kenako psiti kulowa kuuna. Mwanayo akakula amatuluka yekha usiku, kugwera kunyanja, ndipo amatha zaka zingapo asanabwerere kumtunda. Tinsombato, totchedwa sandeel, tachepa m'nyanja za kumeneko pamene madzi akufunda, ndipo ma puffin nawo achepa poyerekeza ndi mmene analili kale. Amachuluka pamtunda chakumadzulo, choncho musathamangire kubwerera masana.

Mukatsata phompho kulowera kummwera pang'ono, mphuno ndiyo idzayambe kukuuzani kuti mwafika kwa ma gannet. Matanthwe onse ndi oyera ndi zitosi, phokoso lake losalekeza. Gannet ndi mbalame yoyera, nsonga za mapiko zakuda, mutu wachikasu pang'ono, ndipo ikatambasula mapiko imafika pafupifupi mamita awiri. Anayamba kuswera pa Hermaness mu 1917, ndipo chimfine chija chisanabwere mabanja ake anali kuyandikira 30,000. Zisa zimatalikirana ndendende pamene mlomo wa mnzake sungafike, ndipo wotera molakwika amajomphedwa ndithu. Dzira salifungatira ndi chifuwa ayi, amalikuta ndi zikopa za mapazi ake. Posaka amakwera mamita mpaka 30, kupinda mapiko kumbuyo n'kugwa ngati mkondo, pa liwiro loyandikira makilomita 100 pa ola. Savulala chifukwa pansi pa khungu la kumaso ndi pachifuwa pali timatumba ta mpweya, ndipo mphuno zake sizitsegukira kunja. Mukakhala ndi magalasi oonera patali, yang'anani maso awo. Diso la gannet limakhala lotuwa mowala, koma mudzaona ena a diso lakuda bii. Ofufuza pa Bass Rock, kufupi ndi Edinburgh, anapeza kuti ambiri mwa a maso akudawo ndi amene anadwala chimfine chija n'kuchira. Ana a gannet akauluka amalowera kummwera, ena mpaka kugombe la kumadzulo kwa Africa, cha ku Mauritania ndi Senegal.

Pakati pa ma gannet amenewa panakhalapo mlendo wosokera. Kuyambira 1972 mpaka 1995, pafupifupi chaka chilichonse, pankabwera albatross mmodzi wa mtundu umene asodzi a ku Cape Town amauona kawirikawiri panyanja yawo. Kwawo ndi nyanja za kummwera kwa dziko, koma uyu anawoloka kubwera kumpoto, n'kumamanga chisa pakati pa mbalame za mtundu wina, osapeza mnzake. Okonda mbalame anamutcha Albert ndipo ankachoka kutali kudzamuona.

Kulowera kumpoto mudzaona mzere wa matanthwe osongoka otuluka m'nyanja, ndipo pa limodzi mwa iwo pali nsanja yoyera ya nyali yowunikira sitima. Ndi Muckle Flugga. Boma linkafuna nyali pamenepo pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, pamene sitima zake zankhondo zinkadutsa kumpoto, ndipo abale awiri, David ndi Thomas Stevenson, anaika ya kanthawi mu 1854. Thanthwelo ndi lotalika pafupifupi mamita 60, koma m'nyengo yozizira mafunde anakwera mpaka pamwamba n'kuthyola chitseko chachitsulo cha nyumba ya alonda. Nsanja yokhazikika inayatsidwa pa 1 Januwale 1858. Chilichonse, njerwa, malasha, chakudya, chinkabwera pa boti n'kukwezedwa pathanthwe. Akazi ndi ana a alondawo ankakhala m'nyumba zoyera zomwe mudzazione ku Burrafirth. Alonda omaliza anachoka mu 1995, nyali itayamba kudziyendetsa yokha. Kuseri kwake kuli kathanthwe kotchedwa Out Stack, mathero a Britain. Kuchoka apo kulunjika kumpoto kulibenso mtunda mpaka kunsonga ya dziko.

Za mwana ndinene mosabisa: kulibe mpanda. Udzu wa m'mphepete ukanyowa umaterera, pansi pake ndi pobowokabowoka ndi mauna, ndipo mathalauza apulasitiki otchinga mvula amatsetsereka pa udzu wotero munthu akagwa. Mwana wa zaka 11 womvera akhoza kuyenda ulendo wonsewo, womwe ndi maola atatu kapena anayi mukazungulira, koma lamulo likhale lakuti pafupi ndi phompho tikhala pansi, sitithamanga, sitibwerera chammbuyo pojambula. Mphepo ya kumeneko si yoseweretsa. Pa namondwe wa usiku wolowera chaka cha 1992, alendo awiri omwe anagona m'kanyumba koonera mbalame pa Hermaness anafa kanyumbako kataphwasuka. Mu Julayi zotere sizichitika, komabe kutentha kumangofika madigiri 12 mpaka 15, ndipo mukachoka poimika galimoto kulibe sitolo kapena pobisala mvula. Jekete yosalowa madzi, chipewa, nsapato zogwira pansi, tiyi mu fulasiki ndi kamba wokwanira.

Mwafunsa kuti kuli chiyani kwenikweni, ndiye ndisakunamizeni pa za makedzana. Pa nsonga penipenipo zakale zooneka ndi maso n'zochepa. Chimene chilipo ndi nthano: akuti kunali ziphona ziwiri, Herma ndi Saxa, china mbali ino ya Burra Firth, mkono wa nyanja wolowa kumtunda, china tsidya, ndipo zinkagendana ndi matanthwe polimbirana mkazi wa m'nyanja wa mchira wa nsomba. Mkaziyo atatopa nazo anati adzakwatiwa ndi amene amutsate mpaka kumpoto kwa dziko. Zonse zinalumphira m'madzi, zonse zinamira, poti panalibe chodziwa kusambira. Mabwinja enieni ali m'madera ena a Unst, mphindi zochepa pagalimoto, ndipo kwa ine amenewo ndiwo amakwaniritsa mtengo wa ulendowu.

Yambani ndi miyala. Mbali ya kummawa kwa Unst ndi pansi pa nyanja yakalekale yotchedwa Iapetus, pomwe panakankhidwira pamtunda zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo makontinenti atawombana. Pa Keen of Hamar, pafupi ndi Baltasound, phiri lonse ndi timiyala tabulauni ta serpentine, ngati palibe chomera. Koma pamenepo pamamera kaduwa koyera komwe sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula pa Unst. Anakatulukira mu 1837 ndi Thomas Edmondston, mwana wa dokotala uja, ali wa msinkhu ngati wa mwana wanuyu. Pofika zaka 20 anali atalemba buku la zomera za ku Shetland ndipo atasankhidwa kukhala pulofesa ku Glasgow, koma mu 1846 anafa pangozi ya mfuti ali paulendo wofufuza kugombe la South America. Kaduwako kamachita maluwa mu Juni ndi Julayi, chifukwa china chosapitira mu Okutobala.

Ku Lamba Ness, kumpoto chakummawa, kuli bwalo loulutsira maroketi la SaxaVord, lomwe linalandira chilolezo mu Disembala 2023. Pokumba malowo chaka chomwecho anapeza manda a anthu otenthedwa mitembo, a zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Ku Underhoull, kumadzulo, kuli bwinja la broch, nsanja yozungulira ya zaka zoposa 2,000. Ankamanga poyala miyala popanda dothi kapena simenti, monga anamangira Great Zimbabwe, koma makoma ake anali awiri, masitepe akukwera pakati pawo. Ya ku Underhoull inagwa, mwatsala maziko ndi ngalande zoitchinga. Yosagwa ili pa kachilumba ka Mousa, kummwera kwa Lerwick, yotalika mamita 13, ndipo ngati muli ndi tsiku lapadera pobwerera, kalowenimo mukwere masitepewo. Akatswiri amatsutsanabe ngati zinali malinga ankhondo kapena nyumba za mabanja olemera ofuna kuoneka.

Chimene Unst imaposa nacho malo ena ndi ma Viking. Anthu a ku Norway amenewa anayamba kukhazikika kumeneko cha m'ma 800, ndipo pachilumba chaching'onochi papezeka mabwinja a nyumba zawo zazitali pafupifupi 60. Atatu mwa iwo, ku Hamar, Underhoull ndi Belmont, anafukulidwa pakati pa 2006 ndi 2010. Anthu amawadziwa ma Viking ngati achifwamba a pamadzi, koma zimene zinatuluka m'nthaka ndi za alimi: mphero, miyala yolemeretsa ulusi poluka, mbale zosemedwa ku mwala wofewa womwe ankakumba ku Clibberswick. Nyumba ankaimanga motsata chitsetso, anthu kumtunda, ng'ombe kumunsi pansi pa denga lomwelo, kuti ndowe ndi mkodzo zizitsikira kunja pamene kutentha kwa ziweto kukufunditsa banja. Ku Sandwick, pagombe la mchenga woyera, kuli bwinja la nyumba ya zaka za pambuyo pake lomwe khomo la khola lake ndi lopapatiza pansi, lotakasuka pofika pa mimba ya ng'ombe. Ku Haroldswick anamanga nyumba yotere yathunthu kuti anthu azilowamo, ndipo pambali pake pali chombo cha Skidbladner, chosemedwa motengera chombo chakale chimene chinafukulidwa ku Gokstad ku Norway. Anthu ena ananyamuka nacho m'chaka cha 2000 akuti akafike ku America, ulendo unathera ku Shetland. Mwana amaloledwa kukweramo.

Bambo akafunsa kuti nanga zilumba za anthu a ku Norway zinakhala bwanji za Scotland, yankho lake ndi pinyolo. Mfumu Christian I ya Denmark ndi Norway inkakwatitsa mwana wake Margaret kwa James III wa ku Scotland, ndipo mwambo wa kumeneko unali woti chuma chichokere kuchikazi. Ndalama zitaperewera, mfumuyo inapereka Orkney ngati chikole mu 1468, Shetland mu 1469. Chikolecho sichinawomboledwe. Chilankhulo cha anthu a pazilumbazi, chotchedwa Norn, chinapitirira zaka mazana angapo chisanazilale, ndipo anthu amati womaliza kuchilankhula anali Walter Sutherland wa ku Skaw, pa Unst pomwepa, amene anamwalira cha m'ma 1850. Pafupifupi mayina onse a malo amene mudzawerenge pa zikwangwani ndi ochokera m'chilankhulo chimenecho.

Ngati tchuthi chakanika kusuntha, Okutobala ali ndi zake: nyama za m'nyanja zotchedwa grey seal zimaswa m'magombe obisika, mbalame zosokera paulendo zimatera pa Unst, ndipo usiku wopanda mitambo kuthambo kumatha kuvina kuwala kobiriwira. Koma umenewo ndi ulendo wa munthu wokonzeka kukhala m'nyumba masiku awiri kudikira mphepo, osati wa banja lopita koyamba. Ndalamazo zisungeni. Malo ogona pa Unst ndi ochepa, ambiri ali cha ku Baltasound ndi Uyeasound, ndipo a mu Julayi amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane. Chimodzimodzi zipinda zogona ndi malo a galimoto m'sitima ya ku Aberdeen. Kulowa ku Hermaness, ku Keen of Hamar ndi ku mabwinja a ma Viking n'kwaulere, ndiye ndalama zambiri zidzapita ku sitima ndi kogona. Mukangodziwa masiku a tchuthi cha chaka chamawa, yambani ndi kusungitsa zimenezo, mapantoni a ku Yell ndi Unst pambuyo.